Diresi Losachapa

Tisungeni sankawakonda mafilimu a ku Korea, ndipo sankabisa. Ankati anthu ake amangoyang'anana mvula ikugwa, iwe n'kumatopetsa maso ndi timawu ta Chingerezi tam'munsi mwa kanema. Koma Dunstan, mwamuna amene ankafuna kumukwatira, ankawakonda koopsa. Ndiye Loweruka lililonse akaweruka kuchipatala ku Nedlands, m'dziko la eni kutsidya la nyanja kumene ankagwira unamwino, Tisungeni ankakwera sitima ya ku Armadale kukapirira maola awiri pasofa. Munthu ukafika zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu usanakwatiwe umapirira zambiri. Dunstan anali mkulu wa mpingo, waulemu, wosamwa. Mkazi wake Margreth anamwalira ndi khansa zaka zitatu zapitazo, ndipo kumudzi ku Malawi ankhoswe anali atapangana kale tsiku la chinkhoswe.

Loweruka lina masana Dunstan anamulandira ndi mphatso: diresi lobiriwira la timaluwa toyera.

"Valani pompano ndikuoneni," anatero.

Tisungeni anakavula yunifolomu kubafa n'kuvala diresilo. Linamuthina m'mapewa, koma ndani amadandaula mphatso? Atatuluka, Dunstan anamuyang'ana nthawi yaitali misozi ili lengelenge, mwana wa eni n'kumati ndiye chikondi chimenechi.

Filimu ya tsikulo inali ya bambo wina amene mkazi wake anamira panyanja. Bamboyo analemba ntchito mtsikana wogulitsa nsomba kuti azikhala pampando wa malemu, azidya zimene malemu ankadya, aziyankha dzina la malemu. Pofika pakati mtsikanayo anali ataiwala dzina lake lenileni, uku oimba zeze akulirira kumbuyo ngati n'zabwino.

"Bambo ameneyu mutu wake sukuyenda," anatero Tisungeni. "Zonyansa basi."

"Simukumvetsa inu. Munthu akakonda amatero," anayankha Dunstan, maso ali pakanema. "Tasunthirani mbali iyi. Pindani miyendo pasofa. Eya, choncho."

Unali mwezi wa Januwale, dzuwa likuswa mtengo, ndipo kafani ka pabalaza kankangotembenuza mpweya wotentha. Tisungeni anayamba thukuta. Thukutalo litanyowetsa nsalu, m'khwapa munadzuka fungo losakhala lake. Mphuno ya namwino sinama. Anamva mafuta odzola akalekale, thukuta la mkazi wina, ndipo pansi pa zonsezo kafungo kowawasa ka thupi lokhuta mankhwala, kamene ankakumana nako kuwodi tsiku ndi tsiku. Anatembenuza kolala. Munali mzere wa litsiro ndi katsitsi kakafupi.

"A Dunstan, diresi ili mwaligula kuti?"

Dunstan anaimitsa filimu, n'kuyang'ana pansi.

"Linali la Margreth. Filimu iyi ankaikonda, ankaonera atavala limeneli. Ndi lomwenso anavala tsiku lopita kukagonekedwa kuchipatala."

"Munalichapa?"

"Ndikanachapa fungo likanatha."

Ananena mofatsa, ngati akupereka zolengeza kutchalitchi. Kwathu zovala za malemu amazichapa, abale n'kugawana poyera, aliyense akudziwa chimene walandira. Bambo ameneyu anauza mpingo wonse kuti masutikesi a mkazi wake anatumiza ku Malawi, chikhalirecho akusunga thukuta la womwalira m'kabati kudikira thupi lofunda loti alivekemo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tisungeni anathamangira kubafa. Anasanza. Anavula diresilo mwaukali mpaka ulusi unalira, n'kudzikwecha ndi sopo m'khwapa, m'khosi, pamsana pomwe dzanja linafika. Yunifolomu yake inali itagwira odwala kuyambira m'mawa, koma poivala anamva ngati wavala zoyera za ubatizo.

Komabe tinene zoona, mtima wa munthu ndi wopusa. Ali chiimire pagalasi anaganiza za amayi ake, amene anali atauza kale mudzi wonse. Anaganiza kuti maliro amapengetsa, kuti akatuluka n'kupeza Dunstan ali ndi manyazi, akapepesa ndi mawu amodzi okha, mwina akhoza kukhululuka n'kukaitana abusa kuti amuthandize. Anatuluka atagwira diresilo ndi zala ziwiri, n'kuliponya pasofa.

Dunstan analitola mwachangu ndi manja onse awiri. Sanamuyang'ane Tisungeni. Anakwirira nkhope m'khwapa mwa diresilo n'kukoka mpweya kawiri, katatu, monga achitira galu pakhomo la dzenje. Atadzutsa mutu, nkhope inali itakwinyika ndi mkwiyo.

"Mwaliwononga," anatero. "Likununkha inu."

Tisungeni anatenga chikwama chake n'kutuluka. Potseka geti anacheuka kamodzi. Dunstan anali pawindo, akuyanika diresilo mosamala kuti mphepo ichotsemo fungo la mlendo.